Kutha kwa Windows 10: makompyuta a m'madera sanafe, ndipo achinyamata angapezepo ntchito

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft ya ku America idaleka kusamalira pulogalamu yake ya Windows 10, yomwe idatuluka pa 29 Julaye 2015. Nkhaniyi idakambidwa kwambiri pakati pa anthu okonda makompyuta, koma kwa munthu wamba ikhoza kumveka ngati ya kutali. Komatu pulogalamuyi ndi yomwe ikuyendetsa makompyuta ambiri omwe amapezeka m'sukulu za sekondale zoyendera, m'malo okumaniramo aphunzitsi a TDC, m'maofesi a mipingo ndi a makopaletivu a alimi, komanso m'timashopu ta pamsika momwe anthu amakatayipitsa makalata ofunsira ntchito ndi kuchititsa fotokope. Eni makompyutawa ali ndi chisankho choti apange: kuwasiya momwe alili ndi kuika pachiswe zomwe adasungamo, kugula ena atsopano pa mtengo wokwera, kapena kuwaveka pulogalamu ina. Njira yachitatuyi ndi yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo anthu otha kuigwira ali m'mawodi momwemuno: anyamata ndi atsikana omwe amakonda kutsegula, kukonza ndi kuphunzira makompyuta.

Tanthauzo la kuleka kusamalira

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu yomwe imayamba kugwira ntchito makinawo akangoyatsidwa. Ndi yomwe imalumikiza zida zonse, monga kiyibodi, sikirini ndi pulinta, ndipo mapulogalamu ena onse amakhala pamwamba pake monga momwe nyumba imakhalira pa maziko. Windows ndi imodzi mwa mapulogalamu aakulu otere.

Palibe pulogalamu yomwe imalembedwa popanda zofooka. Pakapita nthawi, akatswiri ngakhalenso mbava za pa intaneti amatulukira ming'alu yomwe munthu angalowerepo m'kompyuta ya mwini wake osapempha. Mng'alu ukadziwika, kampani yomwe idapanga pulogalamuyo imatumiza chigamba chotsekera, ndipo zigambazi ndi zomwe anthu amazitchula kuti ma update. Kwa zaka khumi, Microsoft inkatumiza zigamba za Windows 10 mwezi uliwonse kwaulere. Tsopano idaleka, kupatula kwa omwe alembetsa mwapadera.

Izi sizikutanthauza kuti kompyuta isiya kuyaka. Iyaka, itayipa, ipulinta monga mwa masiku onse. Chomwe chasintha n'chakuti mng'alu uliwonse womwe utulukiridwe kuyambira tsopano ukhala wosatseka mpaka kalekale, ndipo mbava zimadziwa bwino kuti makompyuta otere ndi ochuluka. Pa tsiku lomwelo, Microsoft idalekanso kusamalira Office 2016 ndi Office 2019, mapulogalamu omwe muli Word ndi Excel zomwe ambiri amatayipira makalata ndi kuwerengera ndalama. Zotere zidachitikapo kale ndi Windows XP mu Epulo 2014 ndi Windows 7 mu Januwale 2020, choncho kompyuta yomwe ikadali pa mapulogalamu awiri akalewa yakhala pambalambanda kwa zaka zambiri.

Kodi chiopsezochi n'chenicheni?

Pa 12 Meyi 2017, vairasi yotchedwa WannaCry idafalikira m'maiko pafupifupi 150 ndi kugwira makompyuta oposa 200,000. Vairasiyi inkatseka mafayilo onse a m'kompyuta n'kulemba pa sikirini kuti mwini wake alipire dipo la madola 300 kuti mafayilowo atsegulidwe. Ku Britain, zipatala zambiri za boma zidalephera kuona zolembedwa za odwala, moti anthu zikwizikwi omwe adapatsidwa masiku okaonana ndi dokotala adabwezedwa. Chodandaulitsa n'chakuti chigamba chotsekera mng'alu womwe vairasiyo inkalowerapo chidali chitatuluka kale mu Malichi chaka chomwecho. Omwe adachiika adapulumuka, omwe adazengereza adalira. Kwa kompyuta yomwe siilandiranso zigamba, mwayi wopulumuka moteremu palibe.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Febuluwale 2024, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira ziphaso zoyendera a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko adalowereredwa ndi anthu omwe ankafuna dipo. Ntchito yopereka ziphasozo idaima kwa masabata angapo. Ngati zotere zingagwere ofesi yaikulu ya boma, sukulu ya kumudzi kapena kopaletivu ya alimi siingadzione yotetezeka.

Ena angaganize kuti kompyuta yomwe siilowa pa intaneti ilibe vuto. Zoona, chiopsezo chake n'chochepa, koma sichitheratu. M'madera muno mavairasi ambiri amayenda pa fulashi. Fulashi imodzi imatha kuchoka kusukulu, n'kukalowa m'kompyuta ya pamalo opulintira, n'kubwerera ku ofesi ya mpingo tsiku lomwelo, ndipo paliponse pomwe yalowa imasiya kapena kutola chinachake.

Zomwe zili pachiswe ndi za anthu wamba. M'makompyuta amenewa muli maina ndi manambala a ziphaso za unzika, zotsatira za mayeso a ana, mndandanda wa alimi omwe adatenga ngongole ya mbewu, kaundula wa zopereka za akhristu ndi makalata a anthu ofuna ntchito okhala ndi manambala awo a foni. Zikatayika, ntchito ya zaka zambiri imapita. Zikabedwa, akamberembere amazigwiritsa ntchito poimbira anthu foni ndi kuwabera ndalama. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la chaka cha 2024 limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri ya anthu ena kuti aisamale, ndipo bungwe la MACRA ndi lomwe lidapatsidwa mphamvu zoyang'anira lamuloli.

Chifukwa chomwe Windows 11 siilowa paliponse

Yankho la Microsoft n'lakuti anthu asamukire ku Windows 11, yomwe idatuluka mu Okutobala 2021. Kwa yemwe ali ndi Windows 10 yovomerezeka, kusamukaku n'kwaulere. Vuto lili pa zida. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4GB, malo osungira zinthu osachepera 64GB, kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, komanso processor, yomwe ndi ubongo wa kompyuta, ya m'badwo watsopano. Pa ma processor a Intel, imalandira a m'badwo wa nambala 8 kupita m'tsogolo, omwe adayamba kutuluka mu 2017. Pa a AMD, imayambira pa Ryzen 2000.

M'badwo wa processor ya Intel umaoneka pa dzina lake. Pa Core i5-6200U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndi 6, kusonyeza m'badwo wa nambala 6, womwe Windows 11 siilandira. Pa Core i5-8250U nambalayo ndi 8, ndipo imeneyi imalandiridwa. Kuyambira m'badwo wa nambala 10, manambala awiri oyamba ndi omwe amawerengedwa. Microsoft ilinso ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa PC Health Check komwe kamayeza kompyuta ndi kunena ngati ikukwanira.

Makompyuta ambiri omwe amafika m'madera muno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito m'maofesi a kunja, ndipo ochuluka mwa iwo adapangidwa chisadafike chaka cha 2017. Mu Disembala 2023, kampani yochita kafukufuku wa misika ya Canalys idayerekeza kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni pa dziko lonse akhoza kutayidwa kaamba ka kutha kwa Windows 10. Gawo lina la makompyuta otayidwa m'maiko olemera limathera m'misika ya mu Africa. Choncho wogula laputopu ya mtengo wooneka wotsika ayenera kufunsa kaye m'badwo wa processor yake asadapereke ndalama. Pali njira zokakamizira Windows 11 kulowa m'kompyuta yosakwanira, ndipo ogulitsa ena amachita zimenezi, koma Microsoft idanena poyera kuti siilonjeza kutumiza zigamba ku makompyuta otere.

Kwa omwe akufuna nthawi yokonzekera, pali ndondomeko yotchedwa Extended Security Updates. Microsoft idalengeza kuti munthu payekha akhoza kulandirabe zigamba mpaka pa 13 Okutobala 2026, polipira madola 30 kapena polumikiza kompyuta yake ku akaunti ya Microsoft ndi kulola kuti makonzedwe ake asungidwe kumeneko. Mabungwe ndi makampani amalipira madola 61 pa kompyuta iliyonse chaka choyamba, mtengowo n'kuwirikiza kawiri chaka chilichonse, kwa zaka zosapitirira zitatu. Uku n'kungotalikitsa nthawi, ndipo m'dziko momwe ndalama zakunja zikusowa, si bungwe lililonse lomwe lingakwanitse.

Njira ina yomwe yafala ndi kuika Windows kapena Office yokopera mwachinyengo, pamodzi ndi timapulogalamu toitsegulira popanda chilolezo. Timapulogalamu timeneti timachokera kwa anthu osadziwika ndipo nthawi zambiri timabwera ndi mavairasi obisika. Komanso lamulo la umwini wa ntchito zaluso la Copyright Act la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga momwe limatetezera nyimbo ndi mabuku. Sukulu kapena ofesi yomwe imayendera mapulogalamu okuba ikuphwanya lamulo kwinaku ikudziika pangozi.

Mapulogalamu aufulu

Windows si pulogalamu yaikulu yokhayo. Mu 1983, katswiri wa ku America, Richard Stallman, adayambitsa ntchito yotchedwa GNU, yomwe cholinga chake chidali kulemba mapulogalamu omwe aliyense angagwiritse ntchito, kuwaphunzira m'kati mwake, kuwasintha ndi kugawira ena popanda kuphwanya lamulo. Mu 1991, Linus Torvalds, yemwe adali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, adalemba chimake cha pulogalamu yaikulu chomwe chidatchedwa Linux, n'kuchipereka kwa onse. Anthu okonda makompyuta a m'maiko osiyanasiyana adayamba kuwonjezerapo, ena monga ntchito yolipidwa, ena mongodzipereka. Lero Linux ikuyendetsa makompyuta ambiri akuluakulu omwe amasunga masamba a pa intaneti, ndipo foni iliyonse ya Android ili ndi chimake cha Linux m'kati mwake. Ambiri omwe amati sadaionepo Linux amayenda nayo m'thumba.

Linux ili m'mitundu yambiri. Umodzi mwa mitundu yotchuka ndi Ubuntu, womwe adauyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Dzinali ndi liwu la ziyankhulo za Chizulu ndi Chixhosa lomwe tanthauzo lake ndi lofanana ndi umunthu, ndipo lidasankhidwa pofuna kusonyeza kuti pulogalamuyi ndi yogawana. Ubuntu wokhalitsa amatuluka mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse ndipo amalandira zigamba zaulere kwa zaka zisanu, moti wa mu 2024 asamalidwa mpaka 2029. Mtundu wina ndi Linux Mint, womwe udayamba mu 2006 ndipo udamangidwa pa Ubuntu. Maonekedwe ake ndi ofanana kwambiri ndi a Windows, choncho munthu wozolowera Windows sasochera. Linux Mint 22 isamalidwanso mpaka 2029. Imatha kuyenda pa RAM ya 2GB, ngakhale kuti 4GB ndi yomwe imapereka mtendere, ndipo siifuna TPM 2.0 kapena processor yatsopano.

Pa ntchito za mu ofesi pali LibreOffice, yomwe bungwe la The Document Foundation lakhala likuisamalira kuyambira 2010. Muli Writer yotayipira makalata, Calc yowerengera ndalama ndi Impress yokonzera zoonetsa pamsonkhano, ndipo imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel. Pokonza zithunzi pali GIMP, pojambula zizindikiro ndi makadi a ukwati pali Inkscape, poyala timabuku ndi nyuzipepala pali Scribus, pomwe VLC imaonetsa makanema ndipo Firefox ndi yolowera pa intaneti. Onsewa ndi aulere, ndipo amayendanso pa Windows.

Mapulogalamu amenewa si a anthu osauka okha. Mu 2024, boma la chigawo cha Schleswig-Holstein ku Germany lidagamula zosamutsa makompyuta a ogwira ntchito ake pafupifupi 30,000 kupita ku LibreOffice ndi Linux, pofuna kuchepetsa ndalama za zilolezo ndi kuleka kudalira kampani imodzi yakunja.

Zovuta zomwe zilipo

Kusamukira ku Linux kuli ndi zopinga zake, ndipo wosamutsa kompyuta ya anthu ena ayenera kuzitchula poyera. Choyamba, mapulogalamu ena adalembedwera Windows yokha. Ofesi yomwe imadalira pulogalamu yapadera yowerengera malipiro, kapena yomwe idapatsidwa ndi unduna kapena bungwe lothandiza, iyenera kufunsa eni pulogalamuyo isadasinthe chilichonse. Chachiwiri, mapulinta ambiri amagwira ntchito pa Linux akangolumikizidwa, koma ena amavuta, ndipo kwa mwini shopu yopulintira, pulinta ndiyo bizinesi yake. Chachitatu, kalata yokonzedwa mu Word yokhala ndi matebulo ndi zithunzi zambiri ikhoza kusokonekera pang'ono ikatsegulidwa mu Writer. Vutoli limatha potumiza kalatayo monga PDF. Chachinayi, m'sukulu momwe ophunzira akukonzekera mayeso a MANEB a phunziro la kompyuta, aphunzitsi ayenera kuona kaye ngati zomwe akuphunzitsa zikufuna mapulogalamu a Microsoft enieniwo.

Mwayi ulipo woyesa popanda kuononga kanthu. Linux imatha kuikidwa pa fulashi, kompyuta n'kuyatsidwira pa fulashiyo osakhudza zomwe zili m'kati. Mwini wake akhoza kuona ngati pulinta, mawu ndi intaneti zikugwira ntchito, ndipo fulashiyo ikachotsedwa, Windows imabwerera momwe idalili. Pokhapokha akakhutira m'pamene Linux iyenera kukhazikitsidwa. Zimenezi zisadachitike, mafayilo onse ofunika akoperedwe m'malo awiri osiyana, chifukwa kukhazikitsa pulogalamu yaikulu yatsopano kumatha kufufuta zonse zomwe zidali m'kompyuta.

Kukonza zida

Kompyuta yakale ikamachedwa, kawirikawiri vuto limakhala pa hard disk, mbale yozungulira yomwe imasunga zinthu. Kuichotsa n'kuikapo SSD, yomwe ilibe chozungulira, kumachititsa kompyuta yomwe inkatenga mphindi zingapo kuti iyake kukhala yokonzeka m'masekondi ochepa. Kuwonjezera RAM kuchoka pa 2GB kufika pa 4GB kapena 8GB kumathandizanso. Mtengo wa zinthu ziwirizi ndi kagawo kochepa poyerekeza ndi mtengo wa laputopu yatsopano.

Adani ena ndi fumbi, kutentha ndi magetsi. M'miyezi ya chilimwe fumbi limatseka timipata totulukira mpweya, kompyuta n'kumatentha mpaka kuzima yokha, choncho imafunika kutsegulidwa ndi kupukutidwa. Magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pa kuthima amatha kuotcha zida, ndipo kachipangizo koteteza ku mphamvu yopitirira muyezo kapena UPS n'kotsika mtengo kusiyana ndi kompyuta yomwe ingapse. Kumadera odalira sola, laputopu ndi yabwino kuposa kompyuta ya patebulo chifukwa imadya moto wochepa ndipo ili ndi batire lake.

Kompyuta yomwe yafadi isaotchedwe kapena kutayidwa m'dzenje la zinyalala. M'zida zake muli mtovu ndi zitsulo zina zapoizoni zomwe zimaononga nthaka ndi madzi, utsi wa mapulasitiki ake umadwalitsa, ndipo mabatire a laputopu amatha kuphulika pamoto. Komanso RAM, sikirini, kiyibodi ndi chaja za kompyuta yakufa zimatha kudzutsa ina.

Ntchito zomwe zingatulukepo

Zonse zomwe zafotokozedwazi ndi ntchito ya manja a munthu. Pakufunika woyeza kompyuta ndi kunena ngati ingalandire Windows 11, wokopera mafayilo mosamala, woika SSD, wokhazikitsa Linux, wolumikiza pulinta, ndi wophunzitsa mlembi wa kusukulu kapena msungichuma wa kopaletivu kagwiritsidwe ntchito ka LibreOffice. Pakalipano ntchito zotere zimachititsa anthu kunyamula makompyuta ulendo wautali kupita ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Zomba, kuononga ndalama zoyendera ndi masiku a ntchito. Wachinyamata wa m'wodi momwemo yemwe angazigwire mokhulupirika ali ndi msika pakhomo. Ntchitoyi siilonjeza mpando wa mu ofesi, koma ikhoza kuyamba monga ganyu n'kukula kukhala bizinesi, makamaka ngati wokonzayo agwirizana ndi sukulu kapena bungwe kuti aziyendera makompyuta awo nthawi ndi nthawi.

Luso lophunzira pawekha limalemera likakhala ndi satifiketi. Bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji aluso, ndipo maphunziro a kompyuta ali m'gulu la omwe amaperekedwa. Boma lilinso ndi sukulu ya NACIT ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Malo monga mHub ku Lilongwe, omwe adayambitsidwa ndi Rachel Sibande, ndi Mzuzu E-Hub akhala akuphunzitsa achinyamata luso la makompyuta ndi bizinesi. Pa masatifiketi odziwika kunja, ICDL imatsimikiza luso logwiritsa ntchito kompyuta mu ofesi, CompTIA A+ ndi ya okonza makompyuta, pomwe Linux Essentials ndi ya oyamba kumene Linux. Luso la Linux lili ndi phindu lina: popeza makompyuta ambiri akuluakulu a makampani amayendera Linux, yemwe waiphunzira pa laputopu yakale wayamba kale njira yopita ku ntchito zazikulu.

Chuma chenicheni cha wokonza makompyuta ndi kukhulupirika. Wopatsidwa kompyuta ya wina amakhala atapatsidwa zithunzi, makalata ndi zinsinsi za munthuyo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa, kukopera kapena kusintha zomwe zili m'kompyuta ya munthu popanda chilolezo, komanso kufalitsa mavairasi mwadala. Wokonza yemwe wagawa chithunzi cha kasitomala amataya msika m'dera lonse ndipo akhoza kukayankha mlandu kubwalo.

Ofuna ntchito achenjerenso ndi zotsatsa zabodza zomwe zimayenda pa WhatsApp ndi Facebook, zina zitavekedwa zizindikiro za mabungwe odziwika. Chizindikiro chachikulu cha bodza ndi kupempha ndalama, kaya ya fomu, ya mayeso kapena yosungitsira malo, kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Wolemba ntchito weniweni salipiritsa wofunsira ntchito. Uthenga wotere utsimikizidwe m'nyuzipepala, pa tsamba lenileni la bungwelo, kapena pofunsa ku ofesi ya zantchito ya paboma.

Ubwino wokhala pagulu

Wokonda makompyuta wa kumudzi amakumana ndi vuto la mtengo wa bando. Fayilo yokhazikitsira Linux Mint ndi yaikulu pafupifupi 3GB. Koma popeza pulogalamuyi ndi yololedwa kugawana, munthu mmodzi akaitsitsa, fulashi imodzi ikhoza kukonza makompyuta a wodi yonse popanda kuphwanya lamulo. Chimodzimodzinso pulogalamu ya Kiwix, yomwe imalola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti, ndi ya Kolibri, yomwe imasunga maphunziro ndi makanema a sukulu. Zikatsitsidwa kamodzi, kompyuta yakale ya kusukulu imasanduka laibulale.

Gulu limathandizanso pa nkhani. Kutha kwa Windows 10 kudalengezedwa zaka zingapo tsikulo lisadafike, koma nkhani zotere sizimveka kawirikawiri pa wailesi. Gulu lomwe limakumana kamodzi pa mwezi likhoza kupatsa mmodzi udindo wotsata nkhani za mapulogalamu ndi machenjezo a chitetezo, kuphatikizapo ochokera ku Malawi CERT, nthambi ya MACRA yoona za chitetezo cha pa intaneti, wina n'kumatsata zotsatsa ntchito ndi mwayi wa maphunziro. Chitsanzo chilipo. Mu 2009, mayi wina wa ku Netherlands, Martine Postma, adayambitsa ku Amsterdam msonkhano wotchedwa Repair Café, komwe anthu amabweretsa zinthu zoonongeka ndi kuzikonza pamodzi ndi odziwa. Mchitidwewu udafalikira m'maiko ambiri, ndipo mu 2025 magulu otere adagwirizana ndi okonda Linux pa kampeni ya End of 10 yothandiza anthu kusamutsa makompyuta awo. Tsiku lotere likhoza kuchitikira m'kalasi kapena m'holo ya mpingo Loweruka lililonse, ndipo atsikana ayenera kuitanidwa mwapadera, chifukwa luso la kompyuta silisankha mwamuna kapena mkazi.

Gulu lomwe likufuna kudziwika ndi kupeza thandizo liyenera kukhala ndi malamulo ake ndi atsogoleri osankhidwa, ndipo likadziwitse ofesi ya achinyamata ya paboma, yomwe imalangiza za kalembetsedwe ku bungwe la National Youth Council of Malawi.

Zomwe wodi ingachite

Choyamba ndi kalembera. Sukulu, mpingo, kopaletivu ndi bungwe lililonse lilembe makompyuta omwe lili nawo: pulogalamu yaikulu yomwe ilimo, m'badwo wa processor, kukula kwa RAM, ntchito yomwe amagwira, ndiponso ngati muli mbiri ya anthu. Kalemberayu agawa makompyutawo m'magulu atatu. Okwanira Windows 11 asamutsidwe msanga. Osakwanira koma amoyo ayesedwe ndi Linux. Omwe akuyenera kukhalabe pa Windows 10 kaamba ka pulogalamu yapadera achotsedwe pa intaneti, asalandire mafulashi achilendo, ndipo zomwe zilimo zizikoperedwa pena sabata iliyonse.

Chachiwiri ndi kutengera nkhaniyi m'njira zomwe chitukuko chimayendera. Zofuna za anthu zimayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ya VDC, n'kupita ku komiti ya dera ya ADC, kenako kukhonsolo kudzera mwa khansala wa wodi. Zinthu zomwe sizidalembedwe m'mapulani a midzi n'zovuta kuti zilowe m'ndondomeko ya chitukuko ya boma. Pempho lonena kuti sukulu yakuti ili ndi makompyuta khumi amoyo omwe akungofuna ma SSD ndi munthu wowakonza limamveka bwino kuposa longopempha makompyuta atsopano, chifukwa mtengo wake ndi wodziwika ndi wochepa.

Chachitatu chikukhudza mphatso. Bungwe kapena munthu wakufuna kwabwino akabweretsa makompyuta, komiti ya sukulu kapena ya chitukuko ili ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti adapangidwa liti, muli pulogalamu yanji, chilolezo chake chilipo kapena ayi, ndiponso ndani aziwakonza akaonongeka. M'sukulu zina muli zipinda zokhoma momwe makompyuta opatsidwa akungodya fumbi chifukwa mafunso amenewa sadafunsidwe pa tsiku lolandira.

Masiku awiri ndi ofunika kuwasunga. Tsiku la 13 Okutobala 2026 ndi lomwe Microsoft idalengeza kuti zigamba zapadera za Windows 10 za anthu wamba zidzatha. Kompyuta yomwe yasamutsidwira ku Linux Mint 22 kapena Ubuntu wa mu 2024 ilandira zigamba mpaka 2029, ndipo nthawiyo ikadzakwana idzatha kulandira mtundu wotsatira kwaulere. Makomiti a sukulu, atsogoleri a mabungwe ndi eni mabizinesi akulimbikitsidwa kuyamba kalembera wa makompyuta awo, kufufuza achinyamata a m'wodi mwawo omwe ali ndi lusoli, ndi kupereka nkhaniyi pa msonkhano wotsatira wa VDC.